Mtima Wanga Unkagunda ka 38, Inu Nkundiombera M'manja

Olemekezeka a Wapampando a kalabu yathu ya othamanga achikulire, amene mwakhala mukutitsogolera mokhulupirika kwa zaka zisanu ndi ziwiri, makamaka m'malo otsetsereka;

Olemekezeka a Khansala a dera lathu lino, amene mwafika mutavala zovala zothamangira zatsopano, zoyera mbee, zimene tonse tili ndi chikhulupiriro kuti tsiku lina zidzalawako thukuta;

Olemekezeka a Dokotala a mtima ochokera kuchipatala chachikulu, amene mumandidziwa m'kati kuposa mmene ndimadzidziwira mwini wakene;

Olemekezeka eni sitolo yamankhwala ya pakona, amene mwatipatsa makina ali m'chipindamu, ndipo mwalemba dzina la sitolo yanu pakhoma m'zilembo zoti ngakhale ife a maso ofooka tiziwerenga tili kumsewu;

Olemekezeka Mayi Namwino, amene kalabu yonse imakutchulani a Buleki mukatembenuka, ndipo lero ndikutchulani choncho mukumva, chifukwa dzinali lasanduka laulemu;

Olemekezeka a Mlembi ndi komiti yonse; inu akazi ndi amuna a mamembala athu, amene mumachapa masokosi athu ndi kumvetsera mabodza athu; alamu anga a Butchala, amene ndikukuonani mwakhala pafupi ndi geti; mayi akunyumba; amayi ndi abambo nonse.

Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa cha mpando umene mwaika kumbuyo kwangaku. Alendo akhoza kuganiza kuti ndi ulemu. Si ulemu ayi, ndi chitetezo. Ulendo womaliza umene ndinaima pakhonde lino kuti ndilankhule, sindinamalize chiganizo chachitatu. Komiti itandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka potsegulira chipinda choyezera mtimachi, ndinafunsa kuti, “Mwasowa anthu?” A Wapampando anati, “Ayi, anthu alipo. Koma chitsanzo chabwino cha zimene sitikufuna ndinu nokha.” Ndinavomera, chifukwa m'moyo wanga wonse sindinakanepo udindo.

Kwa amene simundidziwa, kuno amanditchula a Sikelo. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkayendera masikelo m'misika, m'magolosale ndi m'mabutchala, nditanyamula bokosi la miyala yachitsulo yoyesera. Ndikalowa pakhomo, amalonda ankasiya kuseka. Chikhulupiriro changa chinali chimodzi: munthu amanama, nambala sinama. Chikhulupirirochi ndi chimene chinandichititsa kuti tsiku lina ndilande sikelo m'butchala ya alamu anga enieni, mchimwene wawo wa mayi akunyumba, chifukwa inkaba magalamu 80 pa kilo iliyonse. Ndinaituluka nayo nditaikumbatira ngati khanda, makasitomala akuonerera. Zaka makumi awiri ndi zisanu zapita, koma pamaukwati amatikhazikabe matebulo osiyana.

Nditapuma pantchito, mimba inayamba kutsogola ine nkumabwera pambuyo. Mayi akunyumba anati, “Abambo, mukundipingapinga m'nyumba muno. Pitani muzikathamanga ndi anzanu.” Ndinabwera, ndipo munthu woyamba kumupeza akumanga zingwe za nsapato pakhonde lino anali alamu. Tinapatsana moni wa pamaliro.

Masiku amenewo kalabu ino inali pamtendere. Loweruka m'mawa tinkanyamuka pageti apo, kudutsa pomwetsera mafuta, kukwera chitunda cha thanki yamadzi, nkubwerera kudzera kuseri kwa sukulu. Wofika amafika, wotsala amadikiridwa. Mtendere unatha chaka chimene ana athu anayamba kutigulira mawotchi owerenga kugunda kwa mtima. Mwana akafuna kuonetsa kuti amakukonda koma alibe nthawi yobwera kudzakuona, amakutumizira wotchi.

A Wapampando athu, poti anali mphunzitsi wa masamu, anatiika pamzere nkutipatsa maphunziro awiri. Loyamba: mtima wa munthu wolimbitsa thupi umagunda pang'onopang'ono mwini wake akakhala phee, chifukwa ukagunda kamodzi umatumiza magazi ambiri. Lachiwiri: mtima uli ndi malire amene sungapyole ukamathamanga, ndipo malirewo amatsika munthu akamakula, kuti uwadziwe, uchotse zaka zako pa 220. Phunziro lachiwirili linabweretsa chisokonezo pang'ono, chifukwa linafuna kuti munthu adziwe zaka zake. Tinapeza kuti ena mwa ife ali ndi zaka zakuntchito, zaka zakutchalitchi ndi zaka zimene anauza mkazi wachiwiri. Bambo wina, sindimuloza, anali ndi malire atatu osiyana.

Koma phunziro loyamba lija ndi limene linatilowa m'magazi. Abambo inu mukudziwa mmene tilili. Tipatseni chinthu chilichonse chokhala ndi nambala, mawa lake mupeza pali mpikisano, malamulo ndi komiti yomva madandaulo. A Mlembi anakhoma bolodi pakhoma ili. Loweruka lililonse tisananyamuke tinkakhala pabenchi mphindi zisanu osalankhula, kenako aliyense nkuonetsa wotchi yake, iwo nkulemba ndi choko. Wa nambala yotsika ndiye anali mwamuna.

Zimene anthu anachita kuti atsitse nambala, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Wina anasiya tiyi. Wina ankafika anzake onse tisanabwere nkugona chagada pabenchi, manja pachifuwa, moti mayi wina wodutsa anagwada nkuyamba kupepesa. A Mlembi anapempha akazi awo kuti asamawalankhule kuyambira Lachisanu masana. Akaziwo ali pano, ndipo ndikumva kuti mpaka lero akusungabe lamulolo mosangalala. Amayi a m'kalabu muno okha ndi amene sanalowe nawo mpikisanowu. Iwo ankangothamanga, kutambasula miyendo, nkumapita. Ife tinkati alibe chidwi ndi sayansi.

Ine sindinachite chinyengo chilichonse, ndipo ichi ndi chimene chinandipusitsa. Ndinayamba ndi 61. Patapita miyezi ndinali pa 54. Kenako 48. Kenako 43. Alamu anakakamira pa 55 ngati bulu wokana mlatho. Loweruka lililonse ndinkaima pabolodi, manja kumbuyo, nkuwerenga mokweza ngati sindikuona bwino: “Alamu, apa alemba 55 kapena ndi nambala ya nyumba yanu?”

Pachitunda cha thanki ndi pomwe ndinkanyadira kwambiri. Ndinali ndi zaka 69, ndiye malinga ndi masamu a Wapampando malire anga anali 151. Alamu akafika pamwamba wotchi yawo inkaonetsa 150, iwo ali wefuwefu, atagwira maondo. Ine ndikafika, yanga inkaonetsa 95. Ndinkati, “Alamu, galimoto yakutha ndi imene imalira pachitunda. Tamverani yangayi, ili zii.” Zoti pachitundapo ndinkafika womaliza, miyendo ikulemera ngati ndamangirira matumba a simenti, ndinkazifotokoza kuti ndi njira ya akatswiri yosungira mphamvu.

Panali zinanso zimene sindinkalemba pabolodi. Ndikadzuka pampando, chipinda chinkayamba chazungulira kaye. Pamasitepe a kubanki ndinakhala pansi kawiri, nkumanamizira kumanga nsapato yopanda zingwe. Tsiku lina ndikuthirira maluwa kunangoti bii masanasana, nditatsegula maso ndinapeza ndikuthirira mapazi anga. Zonsezi ndinkati ndi kutopa kwa munthu wolimbikira.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanaombe m'manja. Mayi Namwino amathamanga kumbuyo kwa gulu, ndipo akaona wina wafiira maso amamuuza kuti ayende. Ndiye gwero la dzina lija. Loweruka lina titangotsika chitunda anandigwira dzanja osapempha, nkuika zala ziwiri apa, maso ali pa kawotchi kawo kakale ka muvi.

“A Sikelo, mukadzuka pampando mumaona mdima?”

Ndinati, “Mayi, ine ndimaona kuwala kokhakokha.”

Anati, “Tamverani. Mtima wa munthu wolimba umagonadi mwini wake akakhala, koma akauitana umadzuka. Wanuwu ndauona pachitunda paja. Mukuuitana, sukuyankha. Si mphamvu imeneyi. Pitani kuchipatala akakuyezeni sabata yomwe ino.”

Olemekezeka nonse, wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinaona nsanje. Pamsonkhano wotsatira ndinapereka ganizo loti kuyeza mtima ndi zala kuletsedwe m'kalabu muno chifukwa ndi njira yachikale yosokoneza mamembala. Ganizolo linadutsa ndi mavoti asanu ndi anayi. Musayang'ane pansi, abambo, mayina anu ali m'maminitsi.

Kutha kwa chaka komiti inagula chikho, nkuchitcha Chikho cha Mtima Wodekha. M'mawa wa tsiku lopereka, wotchi yanga inaonetsa 38. A Mlembi analemba nambalayo nkuizunguliza kawiri. Munaimirira nonse. Wina anakuwa kuti, “Mkango!” Alamu, poti ndi a butchala, anangoti chapansipansi, “Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.” Ndinamva, koma ndinawakhululukira, chifukwa wopambana amakhala wachifundo.

Ndinaima pamalo pomwe pano, chikho chili m'manja. Ndinati, “Ndikuthokoza komiti.” Ndinati, “Chikhochi si changa ndekha.” Kenako ndinati, “Chinsinsi cha mtima wathanzi ndi,” basi. Zotsatira ndinachita kumva kwa anthu. Akuti ndinawerama pang'onopang'ono, inu nkuyesa ndikupereka ulemu, nkuwonjezera kuomba m'manja. Akuti mutu utagunda tebulo ena anaganiza kuti ndi nthabwala. Amene anadumpha mabenchi awiri, pa msinkhu wawowo, anali a Buleki. Anaphwanya lamulo la komiti, nkuika zala zawo ziwiri pakhosi panga. Anapeza 30.

Pamalo pano panali magalimoto asanu ndi imodzi. Ina inali yotsekeredwa ndi inzake, ina mwini wake anasokoneza makiyi chifukwa cha mantha, ina inali itangotsukidwa kumene. Imene inabwerera chambuyo mpaka pakhonde, zitseko zili zotsegula kale, inali galimoto yonyamulira nyama ya alamu anga.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pachitsulo chozizira, pamwamba panga ngowe zikulendewera, zikugundana ngwee ngwee pabampu iliyonse. Fungo lake simungalifunse. Kunena zoona, ndinaganiza kuti ndamwalira ndipo kumene ndafikako mlandu wanga waweruzidwa kale. Kenako ndinaona a Buleki atandigwira dzanja, ndi nkhope ya mayi akunyumba pakawindo ka kutsogolo, ndipo ndinamva mawu a alamu akukuwa uku akuimba hutala:

“Alamu! Musafere m'galimoto mwanga! A zaumoyo anditsekera butchala! Mwamva? Gwirani mtima, tatsala pang'ono!”

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinali ndisanawamvepo akundiitana mokweza chotero.

Kuchipatala ndinakumana ndi a Dokotala ali apawa. Anandimata timawaya pachifuwa, pepala nkutuluka, iwo nkuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba mafunso.

“Bambo, mumachita chizungulire?”

Ndinati, “Ayi.”

Mayi akunyumba anati, “Amachita.”

“Munayamba mwakomokapo?”

“Ayi.”

“Anagwera m'maluwa mwezi watha. Ndinawaona pawindo.”

Ndinatembenuka. “Munandiona? Bwanji simunanene?”

Anati, “Ndinanena. Munandiuza kuti ndisalowerere nkhani zamasewera.”

Kuyambira pamenepo a Dokotala anasiya kundifunsa ine. Atamaliza anandifotokozera mwaulemu kuti mtima uli ndi magetsi akeake amene amauuza nthawi yogunda, ndipo mwa anthu ena magetsiwa amafooka ndi ukalamba. Anati 38 yangayo sinali ya katswiri, inali ya waya wothothoka. Ndipo 95 ya pachitunda ija inali mtima wolephera kukwera pamene thupi likupempha magazi. Anati nambala inali yoona, wonama anali womasulira. Ine, munthu wa masikelo, kuuzidwa zimenezo ndi dokotala wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri! Mayi akunyumba anapumira m'mwamba nkuti, “Adokotala, zikomo. Zaka makumi anayi ndakhala ndikunena kuti mtima wa bambowa suyankha munthu akamalankhula. Lero mwandipatsa umboni wapapepala.”

Anandiuza kuti andiika kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu, apa pansi pa phewa, koti kazikumbutsa mtima ukaiwala, ndipo sikadzalola kuti utsike kupyola 60. Apa ndiulule chinthu chimene a Dokotala anandisungira mpaka lero. Ndili pabedi, madzi akulowa m'mkono, mkazi wanga maso ali ofiira, ndinawakodola kuti awerame nkuwanong'oneza kuti, “Adokotala, simungakaike pa 45? Alamu anga ali pa 55.”

A Dokotala anaika cholembera pansi, nkutuluka panja kaye.

Tsiku lachitatu opaleshoni itachitika, alamu anabwera nthawi yoona odwala. Anakhala pampando, chipewa chili pamaondo, akuchizunguliza. Anayang'ana botolo la madzi, anayang'ana denga, kenako anati:

“Alamu, 55 ija sinali yanga.”

Ndinati, “Inali ya yani?”

“Ya akazi anga. Aja amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ena mwa iwo amatsitsa mtima. Loweruka lililonse ndinkabenthula theka nkumeza. Yanga yeniyeni ndi 70. Ndinkangofuna ndikupezeni kamodzi kokha.”

Amuna awiri aimvi, a zidzukulu, wina atatsala pang'ono kufa chifukwa chonyadira matenda, wina akuba mankhwala a mkazi wake kuti afanane ndi wodwalayo. Ndinayamba kuseka, koma ulusi wa pabala unandiletsa. Ndinatambasula dzanja, iwo nkuligwira ndi dzanja lawo lija lokhakhala ngati chikwanje. Ndinaganiza kuti poti lero ndi tsiku loulula, mwina timalize zonse. Ndinati, “Nanga sikelo ija, alamu?”

Anati, “Sikelo ija inali bwinobwino. Musayambe.”

Za mapiritsizi a Buleki atazimva, mawu amene analankhula sindingawabwereze pamaso pa a Khansala. Ndingonena kuti bolodi lija linatsika tsiku lomwelo, ndipo analitsitsa ndi a Mlembi eni ake, ndi manja awo, a Buleki ataima kumbuyo kwawo. Maganizo a chipinda chino anabadwa sabata imeneyo. Chikho chija ndachipereka. Ndamva kuti azisungiramo thonje.

Tsono amayi ndi abambo, m'chipindamu muli bedi limodzi, mipando iwiri, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, makina ojambula kagundidwe ka mtima, ndi makina othamangirapo munthu osachoka pamalo, amene ndikukhulupirira kuti a Khansala sawavuta kuwamvetsa. A Buleki azikhalamo Lachitatu ndi Loweruka, ndipo a Dokotala alonjeza kubwera kamodzi pamwezi. Nambala yanu izilembedwa m'faelo yanu, faeloyo nkutsekeredwa m'kabati. Ndamva kale madandaulo akuti, “Ngati anzanga saiona, ndiyezetserenji?” Funso limeneli likusonyeza kuti chipindachi tachichedwa nacho.

Mukalowamo, mukanene zaka zimene amayi anu akanavomereza. Masamu a 220 aja musawataye, koma a Dokotala akuti ndi chiyerekezo chabe. Anthu awiri obadwa tsiku limodzi akhoza kukhala ndi malire osiyana kwambiri, ndiye musathamangitse mtima kuti ufike pa nambala ya mnzanu, ndipo musaukakamize kugona kuti ufanane ndi wa mnzanu. Mtima wotsika mwa munthu wothamanga nthawi zambiri ndi chinthu chabwino. Koma ukamatsika uku mukuona mdima, mukutopa msanga, mukukhala pamasitepe, umenewo si wa chikho ayi, ndi wa chipatala. Ndipo akakufunsani ngati mumachita chizungulire, yankhani nokha, asanakuyankhireni akunyumba.

Ndimalize ndi za mwezi watha. A Dokotala atandilola kuyambiranso, ndinabwera Loweruka ndili ndi mantha ngati mwana wa tsiku loyamba kusukulu. Gulu linanyamuka, ine kumbuyo. Alamu, amene nthawi zonse amakonda kutsogolo, tsiku limenelo nsapato yawo inkangomasuka, mpaka tinapezeka tili limodzi. Titayamba chitunda cha thanki ndinamva chinthu chachilendo m'chifuwa: gu, gu, gu, gu, mpaka m'makutu. Miyendo inapepuka. Thukuta linatuluka lenileni, lotentha. Titafika pamwamba ndinaima, dzanja lili pachifuwa, misozi ikutsika.

Alamu anasintha nkhope. “Alamu, mwayambanso? Galimoto ndaisiya kutali lero!”

Ndinati, “Ayi, alamu. Ukugunda. Tagwirani.”

Anapukuta dzanja pakabudula nkuliika pachifuwa panga. Tinaima choncho pamwamba pa chitunda, anthu opita kuntchito akutiyang'ana m'mabasi. Anamvetsera nthawi yaitali, akugwedeza mutu ngati munthu woyesa nyama ngati ili yabwino. Kenako anati, “Ukugundadi. Uli pa zingati?”

Ndinayang'ana wotchi. “118.”

Anayang'ana yawo, nkumwetulira mpaka mano a m'mbali. “Wanga 146. Ndakupitirirani.”

A Buleki, ntchito muli nayo.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka nonse, ndili chiimire pa miyendo yanga, ndipo ndafika kumapeto kwa chiganizo, ndikulengeza kuti chipinda choyezera mtima cha kalabu yathu chatsegulidwa tsopano. Lowani mmodzimmodzi, ndipo chonde, musathamange.

Zikomo kwambiri, nonse.